Land Rover ya malemu bambo: ndiyambire pati?

Funso: Kwathu ku Mkanda, m'boma la Mchinji, kuli Land Rover Series III imene malemu bambo anga ankanyamulira fodya, ndipo yakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zambiri osayenda. Kodi ndiyambire pati kuti iyendenso?

Yankho: Bambo, galimoto imeneyi ndi yoyenera kuisunga, koma musafulumire kuliza injini. Mtundu umenewu, umene unayamba kupangidwa mu 1971, uli ndi bodi ya aluminiyamu yosachita dzimbiri, pamene chassis yake, chimango cha kunsi chonyamula bodiyo, ndi yachitsulo, choncho lowani kunsi ndi kugogoda ndi hamala, makamaka kumbuyo kumene matope a dzinja amakanirira. Pakamveka phokoso lofooka kapena pakayoyoka tizidutswa tofiira, pafunika wowotcherera waluso musanagule china chilichonse. Mukatero chotsani mapulagi, muthire oyilo pang'ono m'mabowo mwake, mudikire masiku angapo, kenaka muzungulitse injini ndi sipanala kuti muone ngati sinaume. Petulo wakale mumutaye ndipo thanki itsukidwe. Mabuleki ndi matayala musanyengerere, ngakhale akuoneka abwino, chifukwa labala ikakalamba imang'ambika mosachenjeza. Galimotoyo isanalowe mumsewu wopita ku Lilongwe, ikayesedwe kuti ilandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu.