Funsani Amalume: Kodi ndilipire wolemba pulopozo kuti sukulu yanga ipeze ndalama za ku Ulaya?

FUNSO: Amalume, ndine mayi wa ku Chawama, mu Lusaka. Kuseri kwa nyumba yanga ndili ndi kasukulu kophunzitsa kusoka ndi kuwotcherera. Ophunzira alipo 23, ambiri ndi atsikana amene anasiyira sukulu panjira. Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina amene akuti ku Ulaya kuli ndalama zothandiza masukulu a luso ngati yanga, ndipo akufuna K6,000 kuti andilembere pulopozo. Akuti ikadutsa ndidzamanga makalasi awiri n'kugula jenereta, poti magetsi akutizunza. Ndiwapatse?

YANKHO: Mayi, ndalama zanuzo zimangeni kaye pachitenje.

Bambowo sakunama pa zonse ayi, ndalamazo zilikodi. Bungwe la European Union (EU) lili ndi pulogalamu yotchedwa Erasmus+, ndipo kuyambira 2022 muli gawo lothandiza maphunziro a luso m'mayiko a kunja kwa Ulaya. Zambia ndi limodzi mwa mayiko ololedwa. Gawoli linayamba ndi mayuro a pakati pa 100,000 ndi 400,000 pa pulojekiti imodzi, ya chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Koma pali chimene sanakuuzeni, kaya mwadala kaya nawonso sakuchidziwa: inuyo simungapemphe. Wopempha amayenera kukhala bungwe la m'dziko la EU kapena la m'mayiko ochepa amene ali nawo m'pulogalamuyi. Ndiponso sapempha ali yekha. Pamafunika mabungwe osachepera anayi: awiri ochokera m'mayiko awiri osiyana a kumeneko, awiri a kuno. Choncho pulopozo yochokera ku Chawama yokha, ngakhale Chingerezi chake chitakoma bwanji, ilibe khomo lolowera.

Za makalasi ndi jenereta nazo, pepani. Ndalama zimenezi ndi zosulira aphunzitsi, kukonza silabasi, kulumikiza sukulu ndi olemba ntchito, ndi maulendo okaphunzira kwa anzanu. Zipangizo zimalowamo pang'ono, njerwa ndi malata ayi. EU imalipira gawo losapitirira 80 peresenti ya bajeti, kotsalako mabungwe amasonkha okha, kawirikawiri mwa nthawi imene antchito awo aika pa pulojekitiyo.

Ndinaphunzitsa zamagetsi zaka zambiri pakoleji ina ya boma, kenaka anandiika mu ofesi yosunga mapepala a mapulojekiti. Kumeneko n'kumene ndinaona kuti ndalama za mtundu uwu zimabwera pambuyo pa bwenzi. Amene amayamba ndi kufunafuna ndalama amathera m'manja mwa olemba mapulopozo. Amene amayamba ndi kupeza sukulu inzake ya kunja, n'kumalemberana nayo chaka chathunthu popanda ngwee kudutsa, ndi amene tsiku lina amalandira imelo yoti, "Tikupempha thandizo chaka chino, kodi mulowa nafe?"

Bwenzi lotere silikubwera kudzakuchitirani chifundo, lili ndi chosowa chake. Taonani za ku NORTEC, koleji ya boma ya luso ku Ndola. Kampani ya Volvo, bungwe la UNIDO la United Nations ndi bungwe la Sida la ku Sweden anagwirizana ndi boma lathu kukhazikitsa ZAMITA, sukulu yophunzitsa kukonza makina akuluakulu. Volvo inalowamo chifukwa makina otere akawonongeka kumigodi ya ku Copperbelt pamafunika amakanika odziwa. Nanga inu muli ndi chiyani chimene koleji ya ku Finland kapena ku Italy ikusowa? Muli nacho. Opereka ndalama amafuna kuona atsikana ndi achinyamata a m'makomboni akufikiridwa, ndipo mphunzitsi wa ku Ulaya sadziwa kuti mtsikana wa mwana kumsana amabwera m'kalasi nthawi yanji, amajomba chifukwa chiyani, ndipo akamaliza amakasokera kuti. Inu mukudziwa. Vuto n'lakuti zili m'mutu mwanu. Gulani buku lachikuto cholimba lero lomwe, mulembe aliyense amene anadutsa pasukulu yanu: analowa liti, anamaliza kapena ayi, pano akuchita chiyani. Uyu ali ndi tebulo ku Soweto Market, uyu akusoka mayunifomu a sukulu, uyu akuwotcherera mageti ku Kalingalinga, uyu anakwatiwa n'kusiya. Olephera omwe muwalembe. Buku limenelo lidzakulankhulirani kuposa pulopozo ya K6,000.

M'kalata yanu simunatchule TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndipo sukulu iliyonse yophunzitsa luso imayenera kulembetsa kumeneko. Adzabwera kudzaona malo, zipangizo, zimbudzi ndi mapepala a aphunzitsi anu. N'kutheka kuti kuseri kwa nyumba sikudzawakhutiritsa ulendo woyamba, makamaka pa kuwotcherera, koma adzakuuzani zoti mukonze. Popanda satifiketi yawo palibe bungwe la kunja limene lingakuoneni ngati sukulu. Onjezerani kulembetsa dzina ku PACRA, ofesi yolembetsa mabizinesi, kutenga TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la sukulu. Fizi ikamalowa pa foni yanu, yomwenso mumagulira ndiwo, wowerengera ndalama sadzakhala ndi choti awerenge. Mukadzafika polowa m'pulojekiti ya EU mudzafunika nambala yotchedwa PIC, ya manambala 9. Imatengedwa pa intaneti, pa Funding & Tenders Portal, ndipo ndi yaulere. Wina akadzati mulipire kuti akutengereni, mudziwe kuti akukudyerani.

Bwenzi mungalipeze kuti? Poyamba yang'anani pafupi. Paja ndati mabungwe a kuno amafunika awiri, ndiye malo anu enieni ndi pambali pa sukulu yaikulu, monga Lusaka Business and Technical College kapena Evelyn Hone. Pitani ndi buku lanu lija mukadzidziwikitse kwa akuluakulu ake. Mipingo yambiri ilinso ndi ubale wakale ndi mipingo ya ku Germany, Scotland kapena Netherlands, ndipo m'mipingo imeneyo muli aphunzitsi a luso. Funsani abusa kapena ansembe anu. Ku Bonn, ku Germany, kuli bungwe la Senior Experten Service limene limatumiza akatswiri opuma pantchito kudzathandiza kwa milungu ingapo. Sabwera ndi ndalama, koma gogo wotere akabwerera kwawo amakhala akudziwa dzina lanu ndi khomo lanu.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ambiri timagwa. Popeza wopempha ndi wa kunja, thumba limakhala kwa iye. Ndinaonapo pulojekiti ina imene anzathu a ku Ulaya anabwera kangapo, kugona kuhotela, kuchititsa maphunziro a masiku atatu, kujambula zithunzi. Itatha, pakoleji panatsala malaputopu awiri ndi chikwangwani. Sanabe kanthu, zonse zinali m'bajeti imene akuluakulu athu anasaina osaiwerenga, atasangalala ndi ulendo wa pandege. Inu mudzapemphe bajeti yonse, osati tsamba lanu lokha. Mudzafunse kuti gawo lanu ndi zingati, lidzafika liti, ndipo zipangizo zidzakhala za yani pulojekiti ikatha. Ambiri amapereka ndalama m'zigawo, chigawo chomaliza chimabwera lipoti likavomerezedwa, kutanthauza kuti miyezi ina mudzayendetsa ntchito ndi za m'thumba mwanu. Mudzakanenso silabasi yongokopera. Ku Germany wophunzira amakhala masiku ambiri a sabata pakampani imene ikumulipira, kusukulu amangopitako pang'ono. N'zabwino, koma ku Chawama kampani yoteroyo ili kuti? Kwanu "kampani" ndi telala wa pamsika, ndipo mgwirizano uyenera kulembedwa moganizira iyeyo. Malisiti, mindandanda ya osaina ndi malipoti zidzakudyerani usiku wambiri. Walira mvula walira matope.

Koma jenereta ija mwina ili pafupi kuposa Brussels, likulu la EU. Mu 2022 boma linakweza CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya mabasale a achinyamata ophunzira luso. Amafunsira kudzera ku Ward Development Committee, ndipo fizi imapita ku masukulu olembetsedwa ndi TEVETA. Kuyambira 2017 olemba ntchito amalipiranso Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo zina mwa ndalamazo TEVETA imazipereka ku masukulu olembetsedwa kuti aphunzitse amabizinesi ang'onoang'ono. Ophunzira khumi olipiriridwa fizi yonse pa nthawi yake angakugulireni jenereta musanaone yuro ndi imodzi yomwe. K6,000 ija ipite ku zolembetsa.

FUNSO: Amalume, ndine mnyamata wa ku Matero, ndili ndi Trade Test ya zamapaipi. Kodi ndalama zomwezi zinganditumize ku Germany kukaphunzira?

YANKHO: Mphwanga, izi zimapita ku mabungwe, munthu payekha safunsira. Njira yako ndi ina. Ku Germany maphunziro a luso amawatcha Ausbildung: umapeza kampani yokulemba ngati wophunzira, imakulipira mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito ngati yakoyo imatenga zaka zitatu ndi theka. Chimene chimagwetsa ambiri ndi chilankhulo, chifukwa pa viza amafuna Chijeremani cha mlingo wa B1. Yamba ndi chimenecho. Aliyense wa pa Facebook amene akuti umutumizire ndalama kuti akusungire malo, mufunse dzina la kampaniyo, uilembere wekha.