Za hutala ndi kusintha kwa mpikisano wa Sam Maguire

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri: chifukwa chiyani masewero a mpira wa Gaelic munaonera aja anathera pomwe hutala (lipenga lodziwitsa kuti nthawi yatha) analirira, pamene mu 2025 ankapitirira, komanso zimatheka bwanji timu kugonja koma n'kukhalabe mu mpikisano wa Sam Maguire, chikho cha akatswiri a Ireland yense. Eni ake a kuno ku Ireland, amene anabadwira mu mpira wa Gaelic, akukanganabe pa zomwezi. Ine ndinayamba kuutsatira mwana wanga atalowa kalabu ya m'dera lathu, ndipo pano ndimaukonda ndi mtima wonse.

Kale woyimbira yekha ndiye ankasunga nthawi, monga zimakhalira mu mpira wa miyendo. Masewero a matimu a ma county (maboma a kuno) amatenga mphindi 70, chigawo chilichonse 35, ndipo zowonjezera ankazidziwa ndi iye. Taganizani munthu mmodzi akuthamanga pa bwalo lalikulu kuposa la mpira wa miyendo, akuyang'anira osewera 30, akulemba zigoli ndi mapointi, uku akuwerengera mphindi zimene wovulala wagona pansi. Timu yotsogola inkadyerapo mwayi, inkazengereza dala, ndipo ogonja ankapita kwawo akunena kuti aberedwa nthawi.

Mu 2024 mtsogoleri wa GAA (bungwe loyendetsa masewerowa), Jarlath Burns, anakhazikitsa komiti younika malamulo, wapampando wake Jim Gavin, mphunzitsi amene anatenga chikho cha Sam Maguire kasanu motsatizana ndi Dublin kuyambira 2015 mpaka 2019. Komiti imeneyi ndiyo inabweretsa mapointi awiri kwa womenya mpira ali kunja kwa mzere wokhota wa mamita 40, komanso lamulo loti osewera atatu azitsala kutsogolo nthawi zonse. Wotchi yoonekera kwa aliyense pamodzi ndi hutala zinabwera limodzi ndi zimenezi. Sizinali zachilendo kwenikweni, mpira wa Gaelic wa amayi wakhala nazo kwa zaka zambiri.

Chimene chinavuta n'chakuti hutala akalira chichitike n'chiyani. Ligi ya 2025 itayamba, masewero ankathera pomwepo. Pasanathe miyezi iwiri anasintha, n'kunena kuti azipitirira mpaka mpira utatuluka m'bwalo. Ndiye kunabwera ndime yomaliza ya Sam Maguire ya pa 27 July 2025 pa bwalo la Croke Park ku Dublin, Kerry ndi Donegal. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, anyamata a Kerry anangopatsirana mpira osafulumira, kudikira hutala. Atalira, David Clifford anamenya wa mapointi awiri, Donegal osapatsidwanso mpata woyankha. Kerry inapambana 1-26 kwa 0-19, kutanthauza chigoli chimodzi, chomwe ndi mapointi atatu, kuphatikiza mapointi 26. Anthu anayamikira phazi la Clifford, koma ambiri anadandaula ndi kupatsirana kodikira nthawi kuja. Kuyambira 2026 anabwerera ku lamulo loyamba lija: hutala akalira basi, kupatula ngati mpira unali kale m'malere kapena panali fawulo yoti imenyedwe.

Ine pamenepa sindigwirizana nawo. Timu ikatsalira ndi pointi imodzi, mpira uli m'manja mwake, anthu onse aimirira, n'kulakwa kuidula ili pakati pa bwalo. Ndipo kusunga mpira sikunathe, wotsogola amangoubweza m'mbuyo mpaka nthawi ithe. Koma wotchiyo ndiye isabwererenso m'thumba la woyimbira ayi. Wosewera, mphunzitsi ndi ife ochemerera tonse tiziona nthawi imodzi.

Funso lanu lachiwiri muzu wake uli m'zigawo zinayi za dziko lino: Ulster, Munster, Leinster ndi Connacht. Poyamba timu ikagonja kamodzi m'chigawo chake, chaka chathera pomwepo. Osewerawa salandira malipiro, ndi aphunzitsi, alimi, apolisi, ndipo munthu ankakonzekera miyezi yambiri n'kusewera kamodzi kokha. Zigawozo sizifanananso. Ulster ili ndi matimu 9 olimbana zedi, pamene Dublin inatenga chikho cha Leinster zaka 14 motsatizana, 2011 mpaka 2024.

Mu 2001 anatsegula mwayi wachiwiri kwa ogonja, umene amautcha khomo la kuseri, ndipo Galway inadzera komweko n'kutenga Sam Maguire chaka chomwecho. Mu 2022 anayambitsa Tailteann Cup kuti matimu ang'onoang'ono azipikisana okhaokha, Westmeath n'kukhala yoyamba kuchitenga. Chaka chomwechonso ndime yomaliza ya Sam Maguire anaiika mu July kuti makalabu atsale ndi nthawi yawo. Zimenezi zinali bwino. Pamene anaphonya mpa magulu a 2023 mpaka 2025: matimu 16 m'magulu anayi, atatu a gulu lililonse n'kupitirira. Masewero 24 athunthu kuti atuluke matimu anayi okha! Ndani angalipire tikiti ndi petulo kukaonera masewero amene wogonja sataya kanthu?

Dongosolo la 2026 ndi limene mwalionalo. Matimu 16 amakumana awiriawiri. Opambana amakumana okhaokha, ndipo wopambananso amalunjika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu. Ogonja nawonso amakumana okhaokha, wogonja kachiwiri n'kutuluka. Otsala a mbali ziwirizi amalimbirana malo anayi otsalawo. Timu munaiona ikugonja ija inali ndi mwayi umodzi wotsala, osati kuposa apo.

Ena akufuna kuti zikho za zigawo zichotsedwe pa njira ya ku Sam Maguire. Ganizo lotere linafika pa msonkhano mu October 2021 koma silinakwanitse mavoti 60 pa 100 alionse ofunika. Ndinkaliona ngati lanzeru mpaka 2025, pamene Meath inagonjetsa Dublin, kenako Louth inatenga chikho cha Leinster koyamba chichokere 1957. Amene anaona chimwemwe cha anthu a ku Louth tsiku limenelo sangafulumire kunena kuti zikhozi zilibe ntchito.

Za mwana wanu musade nkhawa. Kumasewero a ana ndi a makalabu a m'madera woyimbira ndiye akusungabe nthawi, choncho muuzeni asasiye kuthamanga mpaka amve wezulo.