Azakhali, pitani, mawondowo akwanitsa

Azakhali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu unafika m'mawa koma foni inali itathima, magetsi anazima usiku ndipo abwera chakumasana kuno. Mukamva phokoso musadabwe, ndi mvula pamalata, kuno ku Chibavi yayamba cha m'ma 2 koloko ndipo sikuoneka kuti isiya. Ndiye ndangoti ndilankhule, kulemba ndingatenge tsiku lonse.

Ndamva funso lanu. Akuti msuweni wangayo, mukafika ku Cape Town mu February, akufuna akakutengeni ku Stellenbosch kukayenda wapansi m'minda ya mpesa, makilomita 4 kapena 5, kudutsa m'mbali mwa madamu. Inu mukuti kodi mawondo anuwa angakwanitse, komanso kodi n'koyenera mayi wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, kukapezeka kumene amapanga vinyo. Ndayankha pagulu pano dala kuti mwana wanuyo amve nawo, chifukwa ndikumudziwa, akhoza kukudzutsani 11 koloko n'kumati tiyeni.

Pitani, azakhali. Mukwanitsa. Inu amene mumachoka ku Chiputula wapansi kukafika kumsika waukulu n'kubwerera mutasenza thumba la mbatata, njira ija singakuvuteni. Zitunda zathu za kuno ku Mzuzu n'zovuta kuposa. Mapiri aliko, aatali ndithu, Simonsberg, Helderberg, koma mumangowaona uko. Njira zoyendamo alendo m'mafamu ambiri ndi zomwe zija amadutsamo mathirakitala, zadothi lolimba, zotakasuka, chitunda chake n'chongopendekeka pang'ono. Kungoti mumuuze afunse kaye kuti njirayo ndi ya m'munda, osati yokwera phiri, chifukwa kulinso zina za ku Jonkershoek zimene ngakhale ine ndinakwera ndikupemphera.

Chimene chingakugwetseni si mtunda ayi, ndi dzuwa. Apa mundimvetsetse. Kumene kuja nyengo ndi yotembenuka. Ife kuno February ndi matope, ambulera, chimanga chikumasula. Kuja February ndi pakati pa chilimwe, mvula kulibe, kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri, nthawi zina mpaka 35 kapena kuposa. Mvula yawo imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka mu August. Ndiye inu munazolowera kamphepo ka Mzuzu, juzi pafupi nthawi zonse, dzuwa lija likakupezani pakati pa mizere ya mpesa, palibe mtengo wobisalapo. Mpesa ndi waufupi, umalekeza m'chifuwa mwa munthu, mthunzi wake ndi wa nkhanga basi. Muyambe 7 koloko m'mawa, ikamakwana 10 mukhale mutakhala pansi. Mukalephera m'mawa dikirani 5 koloko madzulo, kuja kumachedwa kuda, 7 koloko kumakhala kukadali mbee. Wotchi simusintha, nthawi ndi imodzimodzi ndi kwathu kuno, koma dzuwa lake limachita zake.

Nsapato. Zagogoda zija munavala pa ukwati wa ku Katoto zitsale m'sutikesi. Patapata ayinso, timiyala timalowa ndipo muli timinga tina tomwe timabaya ngati chisoso chokwiya. Valani zotseka zafulati, zomwe mwaziyendera kale. Chipewa chachikulu, botolo la madzi aliyense lake, mankhwala a BP mumwe musananyamuke. Ndodo mutenge, musachite manyazi, azungu achikulire kuja amayenda ndi ziwiri, dzanja ili ndi ili. Chitenje mumange bwino chifukwa kuli mphepo ya kum'mwera chakum'mawa yomwe amaitcha Cape Doctor, ikayamba imaulutsa chilichonse chosamangidwa.

Tsopano za madamu, pamenepa ndiye ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ine ndinkapakonda.

Mukamva kuti dziwe musaganize maiwe a nsomba ngati aja a ku Lusangazi, okumba ndi makasu, a makona anayi. Aja ndi madamu a pafamu, pafupifupi famu iliyonse ili nalo lake, ena awiri atatu. Ntchito yake ndi kusunga madzi a mvula ya nthawi yozizira kuti adzathirire mpesa m'chilimwe. M'mbali mumapeza kanyumba ka pampu, ndipo kuchoka pamenepo timapaipi takuda timayenda m'munsi mwa mzere uliwonse, tikudontheza madzi pang'onopang'ono patsinde penipeni. Mukawerama mudzaona dothi lanyowa kachigawo kakang'ono ngati mbale, kwina konse kuli gwaa. Ndipo sathirira kwambiri dala. Kapitawo wathu pafamu ya mpesa yomwe ndinkagwira ganyu kumeneko ankati mpesa ukamwa madzi ambiri umabereka zipatso zamadzimadzi, vinyo wake sakoma. Umafunika uvutikeko pang'ono.

Pafamu yomwe ndinkagwira panali damu lina kumunsi, lozunguliridwa ndi bango. Ndinkadutsapo cha m'ma 6 koloko m'mawa popita kokathyola. Nthawi imeneyo madzi amakhala ali zii, phiri lonse likuoneka m'madzimo chadodolido, kankhungu kakuyandama pamwamba. Kenako atsekwe, aja abulauni okhala ndi chibanga m'maso ngati anamenyedwa chibakera, amayamba kukangana. Phokoso lake ngati amayi pa mjigo madzi akavuta. Akakowa ali m'mbali, nkhanga zikuthamanga m'mizere, nkhanga zenizeni ngati za kwathu, koma zosaopa munthu chifukwa palibe amazitchera. Tsiku loyamba ine ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwala, mnzanga wa ku Nkhata Bay n'kundigwira mkono, amvekere, "Iwe, kuno ndiwo siziyenda m'munda, zimakhala m'shopu."

Damu lomwelo ndinaliona mu 2018, chaka cha chilala chija, pamene ku Cape Town ankawerenga masiku oti mipopi iuma, munthu aliyense akuloledwa malita 50 okha patsiku. Linaphwa mpaka tinkayenda pansi pake. Matope anang'ambika zigawozigawo zoti phazi limalowa, paipi ya pampu ili pamtunda ngati njoka yakufa. Chaka chimenecho ganyu inachepa, ena anawauza kuti akhale kaye kunyumba. Ndiye mukakaona madzi ali tho musangoti kukongola, amene aja ndiwo malipiro a anthu. Mu February mudzapeza atatsikako, mzere wa dothi loyera ukuoneka m'mbali, n'chimodzimodzi chaka chilichonse.

Ng'ona kulibe, musaope. Malungonso kulibe dera limenelo. Koma njoka ziliko, mphiri makamaka, ndipo mukudziwa khalidwe la mphiri, sithawa, imangogona panjira kuothera dzuwa. Muziyenda pakati pa msewu, osalowa m'maudzu a m'mbali mwa damu, ndipo adzukulu asathamangire kutsogolo. Ine zaka zinayi ndinaona ziwiri zokha, koma ziwirizo ndikuzikumbukabe.

Dikirani pang'ono... Iwe, tseka chitsekocho madzi akulowa! Pepani azakhali, ndi mwana uyu.

Eya, ndimati chiyani? Mphesa. Mwasankha mwezi wabwino, chifukwa kuthyola kumayamba cha kumapeto kwa January mpaka mu March, kwina kufika mu April. Mudzapeza mitengo ili lendelende. Koma chonde, azakhali, ndikukudziwani, inu simudutsa pa mtengo wa mango osatukula dzanja. Kuja musathyole. Pemphani, akupatsani, nthawi zambiri amasangalala kupatsa mlendo. China n'chakuti amapopera mankhwala, simungadziwe kuti mzere uno anapopera liti. Ndipo musayembekezere mphesa zikuluzikulu zija timagula m'mashopu. Za vinyo ndi zing'onozing'ono ngati nthudza, khungu lolimba, nthanga m'kati, koma kutsekemera kwake mpaka kukhosi kumachita kuwawa. Tikamathyola madzi ake ankamata m'manja, sizasi n'kumakanirira ku zala, njuchi zili ng'waa pa kreti. Chipsera chili pa chala changa chamanzerechi, chija munkafunsa pa maliro a agogo, ndi sizasi imeneyo. Tsango linabisala kuseri kwa masamba, ine ndikuthamangira kudzaza kreti, n'kudula chala m'malo mwa phesi.

Kumapeto kwa mizere ina mudzaona anadzala maluwa a rozi. Ine ndinkayesa n'zokongoletsa basi. Anandiuza kuti ndi mwambo wakale, rozi imagwidwa msanga ndi chiwawu choyera chija chimagwiranso mpesa, ndiye inkakhala ngati mlonda, ikadwala mlimi adziwe kuti matenda afika. Masiku ano ali ndi njira zina zodziwira koma maluwawo anangowasiya. Kulinso famu ina kufupi ndi komweko imene imaweta abakha mazanamazana, m'mawa amawatulutsa pamzere kupita m'munda kukadya nkhono. Mukapeza mpata kaoneni, mukaseka mpaka misozi, amayenda chilili ngati ana a sukulu achedwa ku asembule.

Tsopano za Umanyano zija. Azakhali, kuyenda m'munda wa mpesa si kumwa. Palibe adzakukakamizeni. Pomaliza pa njira pamakhala malo okhala pansi pa mitengo, ena amalawa vinyo, inu mungoitanitsa juwisi wa mphesa kapena tiyi, palibe angakuyang'aneni kawiri. Ndipo ine ndikuti mwina inu ndi amene mukapindule kuposa tonse. Zaka zonsezi mwakhala mukuwerenga za mpesa ndi nthambi zake, za mlimi amene amadulira nthambi kuti ibale zambiri, koma mtengowo simunauonepo ndi maso. Ine ndinadulirako, mu July ndi August, kukuzizira zala osazimva. Umachotsa pafupifupi chilichonse chomwe chinamera chaka chatha, n'kusiya timaso tiwiri pa kanthambi. Munda umatsala zitsa zokhazokha zopachikidwa pa waya, ukaona umati apa taononga. Pofika October wonse wabiriwira. Mukakagwire tsinde lake, ndi lokhotakhota, makungwa ake amasendeka ngati luzi. Mukabwera mudzawafotokozere amayi anzanu Lachisanu.

Za mbiri mudzamva zambiri, owonetsa alendo amazikonda. Adzakuuzani kuti tauni ya Stellenbosch inayamba mu 1679, dzina linachokera kwa bwanamkubwa Simon van der Stel, ndipo vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659. Adzakuonetsani nyumba zoyera zofolera udzu, mitengo ikuluikulu ya oak m'misewu. Zonsezo n'zoona. Koma mukaona kachipilala koyera kokhala ndi belu pamwamba pafupi ndi nyumba yaikulu, mufunse kuti belulo linali la chiyani. Linkaitana akapolo. Ena mwa iwo anatengedwa ku Mozambique konkuno ndi ku Madagascar, ndipo ukapolo unathetsedwa mu 1834. Pambuyo pake kunafala zolipira antchito ndi vinyo, amati dop, munthu kugwira tsiku lonse gawo la malipiro n'kukhala chikho. Lamulo linaletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma m'mafamu ena zinapitirira mpaka m'ma 1990. Ndinagwira ndi madala ena amene makolo awo anakulira m'zimenezo, ndipo mabala ake m'mabanja akuonekabe. Sindikunena kuti mukaononge tsiku la mwana wanu ayi. Kungoti inu mumakonda kufunsa, ndiye funsani pamenepo.

Ndipo anthu amene mudzawaone atawerama m'mizere, atavala maovolosi ndi zipewa, apatseni moni. Alendo ambiri amangodutsa ngati akudutsa mitengo, ena kujambula kumene osapempha. Inu mungoti "Muli bwanji?" mokweza ndithu. Ndikukuuzani, mwina wina adzadzuka n'kuyankha kuti "Tili makola, kwali imwe." A kwathu aliko ambiri, a ku Mzimba, a ku Nkhata Bay, a ku Mangochi, pamodzi ndi a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho. Tsiku lina ine ndili pakati pa mzere ndinamva mayi wina akukalipira mwana m'Chichewa, akuti "Ukagwa ine sindikunyamula." Ndinaimirira sizasi ili m'manja, osalankhula kanthu, mpaka anapitirira. Ndinachita manyazi ndi mmene ndinadera. Mpaka lero ndimadandaula kuti bwanji sindinawapatse moni. Koma musawachedwetse, nthawi yothyola ambiri amawerengera makreti, mphindi iliyonse ndi ndalama.

Ine njira yotereyi ndinaiyenda ngati mlendo kamodzi kokha, Lamulungu lomaliza ndisanakwere basi yobwerera kuno. Ndinavala malaya oyera, manja m'thumba, wopanda kreti paphewa. Inanditengera ola limodzi ndi theka, ndikuima paliponse. Ndinakhala pa benchi ya pa damu paja, yomwe zaka zinayi ndinkangoidutsa. Inu muwerengere maola awiri, ndi kupuma komwe.

Iwe msuweni, ndikudziwa ukumvera. Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 50, ndiye munyamuke 6 koloko, osati zako zija zodzola nkhope mpaka dzuwa lifike pamutu. Uyimbe kaye foni kufamuko, ena amalipiritsa polowa, ena amafuna kubukitsa, ndipo nthawi yokolola njira zina amatseka chifukwa cha mathirakitala. Ufunsenso ngati galimoto ingathe kukawatenga amayi pakati panjira bondo likakana. Ukawatopetsa azakhali anga udzandiona, ng'ombe zija sindidzalipira.

Mvula yakhala ngati ikudula, ndithamangire kumsika asanatseke. Azakhali, Loweruka ndibwera ku Chiputula ndi nsapato za mayi a kunyumbawa muyese, ndikuona ngati saizi ndi imodzi. Tikayendeko limodzi mpaka ku Katoto ndi kubwerera, tione bondolo likuti chiyani. Mundisungireko chinangwa.