Njinga ya mpikisano amaiyikiranji pa sikelo?

Funso: Amisiri, ndinkaonera mpikisano wa njinga wa Tour de France pa kanema ndipo ndinamva kuti njinga ikapepuka kwambiri, mwini wake amachotsedwa mumpikisano. N'zoona? Ine ndimayesa kupepuka ndiye ubwino wa njinga. Yanganso ndikufuna kuipepula, ndiyambire pati?

Yankho: Munamva bwino, achimwene. Bungwe la UCI, lomwe limayendetsa mipikisano ya njinga pa dziko lonse ndipo likulu lake lili ku Aigle ku Switzerland, linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2000 loti njinga ya mpikisano wa pamsewu isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Poipima amayamba achotsa mabotolo a madzi ndi kakompyuta ka pa handulo, kenako n'kuikoleka pa sikelo. Kuti mumvetse, njinga ya Buffalo yomwe timaiona itasenza matumba a chimanga imapitirira makilogalamu 20. Ya ku Tour de France mungainyamule ndi zala ziwiri.

Chifukwa chake chinali mantha. Nthawi imeneyo mafelemu a kaboni ndi aluminiyamu wopyapyala anali akufala, ndipo makampani ankalimbirana kuti atulutse njinga yopepukitsitsa ndani. Munthu wotsetsereka phiri pa liwiro la makilomita 80 pa ola, foloko ikamuthyokera, salankhulanso. UCI inkafunanso kuti timu ya ndalama zambiri isamapambane chifukwa cha thumba lokha.

Nanga kilogalamu imodzi n'chiyani? Tiwerengere limodzi. Wopalasa wa makilogalamu 65 ndi njinga yake akukwana pafupifupi 72. Pa chitunda cha Alpe d'Huez ku France, cha makilomita 13.8 ndi makona 21, akatswiri amatenga mphindi 40 kapena kuchepera pang'ono. Mukachotsa kilogalamu imodzi pa 72 ija, mwapulumutsa pafupifupi theka la mphindi. Pamene Greg LeMond anapambana Tour yonse ya 1989 ndi masekondi 8 okha! N'chifukwa chake matimu amawerengera galamu iliyonse.

Maganizo anga ndi akuti lamuloli lakalamba. Sikelo imakuuzani kulemera, sikuuzani kulimba. Mu 2014 kampani ya Trek inagulitsa njinga ya Émonda ya makilogalamu 4.65, yoti aliyense wa ndalama agule n'kumakwera pamsewu. Kwa zaka zingapo amakaniko a matimu ankachita kulowetsa tizitsulo kapena mtovu mkati mwa felemu kuti njinga ifike pa 6.8. Mtovu umenewo suwonjezera mphamvu ku felemu ngakhale pang'ono. Chofunika n'kuyesa felemu ndi foloko pa makina, kuzipsinja ndi kuzigwedeza mpaka zioneke pomwe zimathyokera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha anthu a matupi ang'onoang'ono, makamaka amayi. Lamulo ndi limodzi kwa onse, koma makilogalamu 6.8 kwa mayi wa makilogalamu 50 ndi katundu wamkulu kuposa kwa mwamuna wa 80. Komanso felemu yaing'ono imapepuka yokha popanda chinyengo. Mu 2013 Fabiana Luperini wa ku Italy, yemwe anali atapambanapo kasanu Giro ya amayi, mpikisano waukulu wa m'dziko lakwawo, anachotsedwa mumpikisano womwewo chifukwa njinga yake inaperewera ndi magalamu 200. Si kapu yodzadza ya madzi n'komwe.

Masiku ano phokoso lacheperako. Chiyambire 2018, pomwe mabuleki a disiki analoledwa kotheratu, ndiponso matimu atazindikira kuti pamalo athyathyathya mdani wamkulu ndi mphepo, njinga zambiri zimalemera makilogalamu 7 kapena kupitirira. Malimu akuya ndi mapaipi odula mphepo amalemera, koma amabweza nthawi yambiri.

Tsopano za njinga yanu. Musatenge chiboolero. M'zaka za m'ma 1970 opalasa ankaboola mahandulo ndi magiya, ndipo njinga yomwe katswiri Eddy Merckx anaswera mbiri ya mtunda wopalasa pa ola limodzi ku Mexico City mu 1972 sinkafika makilogalamu 6, koma imeneyo inkazungulira m'bwalo losalala. M'misewu ya maenje, bowo lililonse ndi pomwe mng'alu umayambira. Yambani ndi matayala ndi machubu, chifukwa ndi pomwe mumachotsa magalamu ambiri pa mtengo wochepa. Chotsani keliyala ndi sitandi ngati simuzigwiritsa ntchito. Tsukani tcheni n'kuithira oyilo, mupope matayala moyenera. Ndipo mukagula felemu ya kaboni ya kaunjika, igogodeni pang'onopang'ono ndi kobiri paliponse: pomwe ikulira mogontha, mosiyana ndi malo ena, mwina yang'aluka mkati. Imeneyo musakwere mpaka mmisiri aione.