Malaini awiri m'ngalande imodzi ndi laini imodzi basi

Achimwene, musanalipire kampani yachiwiriyo kuti ofesi yanu ya pa Nchalo isamasowe intaneti, auzeni akuonetseni mapu a mmene chingwe chawo chayendera. Akazemba, ndalama ikhale m'thumba. Zochokera ku Blantyre zimatsika ndi M1 pa Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Mukhoza kulipira makampani awiri, koma faiba (chingwe cha galasi chonyamula intaneti) yonse itagona m'ngalande imodzi m'mbali mwa msewu, mwinanso ali ma core (timaulusi ta mkati) osiyana a chingwe chimodzimodzi.

Ndiye madzi akabwera ngati a namondwe Ana mu Januwale 2022 kapena a Freddy mu Malichi 2023, amakokolola dothi polowera pa mlatho, paipi n'kutsala ili lendee, kenako thyo. Malaini onse zii nthawi imodzi. Ukaika OTDR, makina oonetsa pamene chingwe chaduka, mbali zonse ikuloza kilomita yomweyo. Galimoto siwoloka. Ukadzafika wapansi matope ali m'maondo, upeza kontirakitala anakwirira masentimita 40 m'malo mwa mita yathunthu, mu manhole sanasiyemo chingwe chotsala cha mamita 20 kapena 30 choti ukoke polumikiza, closure (bokosi lotsekera polumikizira faiba) yadzaza madzi chifukwa rabala anangoiponyamo osamanga. Ndalama analandira zonse, lero foni sayankha. Anthu amenewa Mulungu awaone!

Ring yeniyeni, kulumikiza kozungulira koti njira imodzi ikaduka ina izigwirabe ntchito, imafuna njira imodzi pansi, ina m'mwamba pa mapolo a magetsi, OPGW kapena ADSS (mitundu ya zingwe za faiba zopachika m'mwamba). Zisakumane pa mlatho uliwonse, ndipo m'nyumba zilowere mbali zosiyana. Ma switch, makina ogawa intaneti, akhale ndi G.8032, ndondomeko yomwe imatembenuza njira pasanathe ma millisecond 50. Njira yozungulirayo muiwerengere kuwala komwe kumatayika m'chingwe: pafupifupi 0.25 dB pa kilomita pa kuwala kwa 1550 nm, 0.1 dB pa splice (polumikizira chingwe) iliyonse. Mukapanda kutero, SFP (kachipangizo kotumiza kuwala m'chingwe) ya makilomita 40 idzakanika tsiku lomwe mukuifuna.

Za magetsi musaiwale. Ana ataononga damu la magetsi la Kapichira mdima unagwa, ndipo chingwe chabwinobwino popanda magetsi chilibe ntchito. Batire ya lead-acid moyo wake umatsika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25, ndiye ganizirani kutentha kwa ku Ngabu mu Okutobala.

Komabe laini yachiwiriyo tengani ndithu, masiku ambiri chimafa ndi switch ya kampani imodzi, osati chingwe. Onjezani microwave (intaneti yodutsa m'mlengalenga popanda chingwe) kapena Starlink (ya pa satelaiti) pambali, ndipo mwezi uliwonse muzizula chingwe chachikulu dala kuti muone ngati chinacho chikunyamuladi katundu.