Thandizo lilipo, koma lifike kwa mlimi

Achimwene, mwafunsa ngati maiko olemera amathandizadi maiko osauka kuchepetsa kusuta fodya. Eya, amathandiza. Malawi idalowa mu 2023 m'pangano lochepetsa kusuta fodya lotchedwa FCTC, la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, ndipo pali pulogalamu ya FCTC 2030, ya ndalama zochokera ku Britain, Australia ndi Norway, yothandiza maboma kukonza malamulo ndi misonkho ya ndudu.

Koma ine pano pa Blantyre mtima uli pa mlimi wogulitsa ku okushoni ya ku Limbe. Gawo 17 la panganoli limakamba zomupezera njira ina yopezera ndalama. Ku Migori m'dziko la Kenya, WHO pamodzi ndi mabungwe a zaulimi ndi chakudya a FAO ndi WFP adathandiza alimi kusiya fodya n'kuyamba nyemba, msika n'kuwapezeratu. Boma lathu likapemphe thandizo lotere, lokhala ndi mbewu, alangizi komanso wogula wodziwika.