Kwa agoloboyi amene mwangofika kumene kunja kuno

Aphwanga, timu imatha kuseweretsa otchinga kumbuyo anayi ndi apakati asanu, koma pagolo pamaima munthu mmodzi. Anzathu omwetsa zigoli akafika dziko lachilendo amayamba ndi mphindi khumi zakumapeto, sabata yamawa theka la masewero, mpaka kochi awazolowere. Ife mwayi umenewo tilibe. Palibe kochi amene amasintha goloboyi pa mphindi 70 pofuna kuona ngati mlendoyo ali ndi manja. Ndiye ngati mwatsika ndege mukuganiza kuti Loweruka lomweli muima pagolo, khalani pansi kaye.

Muyambe mwadziwa kuti malo amene mwapatsidwawo ndi odula. Mu ligi yaikulu ya ku South Africa, timu imaloledwa kulembetsa osewera akunja asanu okha, ndipo eni matimu amakonda kupereka malowo kwa anthu ogoletsa. Akapereka kwa goloboyi, ndiye kuti akuyembekezera zoposa zimene mwana wa konkuno angachite. Mwana wa konkuno akataya mpira, masapota amati akuphunzira. Mukataya inu, funso limakhala lakuti tinakamutengeranji kutali konseko. Si chilungamo, koma musataye nthawi kudandaula nazo.

Benchi ikamakuwawani, mudzikumbukira zimene zinachitika ku Mamelodi Sundowns. Denis Onyango wa ku Uganda anafika kumeneko mu 2011 atatenga kale ligi katatu ndi SuperSport United. Koma anakhala panja nthawi yaitali, mpaka anakamubwereketsa ku Bidvest Wits. Atabwerera analanda malo, ndipo amene anatsikira pabenchi anali Kennedy Mweene, munthu amene anatenga chikho cha Africa ndi Zambia mu 2012 ku Libreville, amenenso anamenya yekha penate n'kugoletsa usiku umene anagonjetsa Ivory Coast 8-7. Katswiri wotero ankavala jekete n'kumaonerera mnzake, kenako n'kukwera ndege kukaimira dziko lake. Mu 2016 Onyango anatenga CAF Champions League, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana mwa onse osewera m'matimu a mu Africa muno. Koma pa masewero omaliza ndi Zamalek ku Alexandria anavulala m'chigawo choyamba, ndipo amene anamaliza ntchito anali Wayne Sandilands, yemwe anthu ambiri anali atamuiwala. Mu 2022 kunabwera Ronwen Williams, Onyango n'kubwereranso pabenchi. Onsewa palibe amene anali wofooka. Ntchito yake ndi yotero basi.

Chimene ndimaona chikuwononga anyamata ambiri si benchiyo ayi, koma mmene amakhalira pabenchipo. Miyezi iwiri osasewera, wayamba kufika ku trening'i mochedwa, thupi layamba kulemera, nkhope yosasa. Kochi wa agoloboyi amaona zonsezo, ndipo ndi iye amene amafunsidwa tsiku limene woyamba wathyoka chala. Munthu ameneyo ndiye bwana wanu weniweni, mumulemekeze. Goloboyi woyambayo musamuone ngati mdani, ngakhale kuti mukufuna malo ake. Mudzam'menyera mipira asanayambe masewero, mum'menyere yabwino. Anyamata a kumbuyo amaona amene ali ndi kaduka, ndipo tsiku limene mudzalowe adzafunika kukukhulupirirani.

Nkhani ya anyamata a kumbuyoyi ikundifikitsa pa chilankhulo. Wosewera kutsogolo atha kukhala chaka osatsegula pakamwa n'kumagoletsabe. Goloboyi wosalankhula ndi theka la goloboyi. Sabata yoyamba yomweyo phunzirani kukuwa m'chilankhulo chimene otchinga anu amamva msanga: usiye, chotsa, kumanzere, kumanja, tulukani, munthu kumbuyo kwako. Ku Mozambique ndi Chipwitikizi, ku Tanzania Chiswahili. Akakusekani katchulidwe sekani nawo, bola amve kona ikamabwera.

Mpiranso umasintha khalidwe. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndipo mpira womenyedwa patali umafika msanga kuposa mmene maso anu anazolowerera. Sabata yotsatira muli ku Durban m'mbali mwa nyanja, wayambanso kulemera. Pemphani mipira yam'mwamba yambiri mukamatenthetsa thupi. Za miyendo ndiye musachite kuuzidwa. Chiyambire 2019, pamene analola kuti mnzako alandire golokiki ali m'bokosi, makochi ambiri amafuna goloboyi woyambitsa masewero pansi. Ndipo kuyambira 2025, kusunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8 kumapatsa adani kona. Chizolowezi chogona pa mpira kuti nthawi ithe chisiyeni.

Tsopano mapepala. Musasayine kontrakiti imene simukuimva, ndipo kope yanu mutenge tsiku lomwelo. Onani ngati malipiro alembedwawo ndi a msonkho utachotsedwa kale kapena ayi, amene alipire nyumba ndani, nanga mukavulala zikhala bwanji. Popanda chilolezo chogwirira ntchito ndi ITC, chikalata chimene bungwe la mpira la kumene mwachokera limatumiza, simungasewere masewero ovomerezeka ngakhale kochi akukondeni chotani. Pasipoti isungeni nokha. Malamulo a FIFA amati timu ikalephera kukulipirani miyezi iwiri, muilembere kalata yoipatsa masiku osachepera 15, ndipo ikapanda kulipira muli ndi ufulu wothetsa kontrakiti n'kukasuma. Koma ikhale kalata, osati kukalipa mu ofesi kapena kungolongedza zikwama n'kuthawa, chifukwa mukatero olakwa mukhala inu. Ejenti naye mumufunse laisensi ya FIFA. Édouard Mendy anakhala pafupifupi chaka wopanda timu kuchokera mu 2014, ejenti atasiya kuyankha foni, mpaka anakalembetsa ku ofesi ya anthu osowa ntchito ku France. Anthu amakumbukira Champions League ya 2021 ndi Chelsea, koma ine ndimakumbukira foni yosayankhidwayo.

Mankhwala musamwe chisawawa, kaya ndi a mutu, a chimfine kapena azitsamba amene wina wakutumizirani. Chilichonse chidzere kwa dokotala wa timu. André Onana analetsedwa kusewera mu 2021 ali ku Ajax atapezeka ndi mankhwala oletsedwa a furosemide m'thupi. Iye anafotokoza kuti anamwa piritsi la mkazi wake mosadziwa, chilango chinatsitsidwa kuchoka pa miyezi 12 kufika pa 9, koma miyezi 9 kwa goloboyi ndi yokwanira kuti wina akhazikike pamalo pako.

Kuitanidwa ku timu ya dziko ndi kumene mutu umapweteka. Pa masiku amene FIFA inaika, timu yanu ilibe mphamvu yokukanizani. Mipikisano ina, monga COSAFA ikagwa kunja kwa masikuwo, atha kukana, ndipo sanalakwe. Vuto ndi AFCON ikaseweredwa pakati pa sizoni: mumachoka mwezi wathunthu, mukamabwera mupeza wachiwiri wanu sanagoletsedwe masewero atatu, kochi sakufuna kusintha. Maganizo anga ndi akuti pitani ndithu. Charles Thomu sanali goloboyi woyamba wa Flames pamene ankapita ku Cameroon mu January 2022, koma atalowa anatseka golo pa masewero a 0-0 ndi Senegal, ndipo dzina lake linamveka Africa yonse. Palibe masewero a ligi amene angakugulitseni chotero. Mungouza kochi wanu msanga, ndipo mubwerere tsiku limene mwagwirizana, osawonjezera sabata yoona abale.

Komanso kochi wa dziko sadzapitiriza kuitana munthu amene sakusewera. Mweene ankaitanidwa ali pabenchi chifukwa anali atapanga kale dzina. Inu mukadali ndi zaka 22 kapena 23, sizoni yathunthu ikatha osaima pagolo, pemphani akubwereketseni, ngakhale ku timu ya divishoni yapansi kumene mipira imabwera ngati mvula. Mupemphe kudzera kwa kochi wa agoloboyi, msika wa osewera usanatsegulidwe, ndipo pepala lokubwereketsanilo linene poyera amene azikulipirani pa matimu awiriwo.